KODI MWANA AKAPHUNZIRE KUTI ZA MAKINA A CIPATALA?

Palibe mmodzi mwa inu, abale anga a m'migodi, amene sanaimepo cifuwa ciri pamtunda patsogolo pa makina a X-ray, dotolo nanena kuti, "Kokani mpweya, musapume." Enanso munauzirapo m'kapaipi kaja koyesa mphamvu ya mapapo. Cithunzi cikaturuka bwino mumatsika m'keji. Cikaturuka coipa nchito yatha, ndipo mlandu wa cipukuta misozi umayambira pomwepo. Koma ndi owerengeka amene anadzifunsapo kuti, kodi makina amenewa akafa amawadzutsa ndani?

Alipo munthu wace wa nchito imeneyi. Pa Cingerezi maphunziro ace amati biomedical engineering, ndiko kunena uinjiniya wa makina a cipatala. Kumgodi muli ndi fitala ndi wamagetsi osamala pampu, winci ndi mafani a mpweya, ndipo nonse mudziwa cimene cimacitika pansi pampu ikaima usiku umodzi. Cipatala naconso ciri ndi mapampu ace: makina opatsa odwala mpweya, makina osefa magazi a anthu a impso zofooka, mabokosi ofunditsa ana obadwa masiku osakwana, ndi ena ambiri. Mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University ku America anasanthula mabuku a zipatala za m'maiko 16 osauka, napeza kuti pa makina 100 ali onse, ngati 38 anali cigonere osagwira nchito. Cifukwa cimodzi cacikuru cinali kusowa kwa anthu ophunzitsidwa kuwasamala.

Ine wolemba mauwa ndine mwana wa m'komboni. Atate anga anacoka ku Ntcheu masiku a Citaganya nadza ku Rhodesia pa galimoto za Ulere, ndipo ine ndinabadwira pa mgodi wa golide ku Shamva, kumene ndinagwiranso nchito ya pansi kufikira mawondo anakana. Tsopano ndikhala ku Willowvale mu Harare, pakati pa mafakitale, kufupi ndi Highfield ndi Glen Norah, kumene mphepo imatibweretsera pfungo la fodya wa pa okushoni miyezi ya malonda. Mwana wanga wamwamuna ali ku mgodi wa platinum ku Rustenburg. Mwana wace wamkazi, amene ndikhala naye pano, anakhoza bwino mayeso a A Level m'masamu, Physics ndi Chemistry, nati kwa ine, "Agogo, ine ndifuna za makina a cipatala." Atate wace ananena pa lamya kuti, "Bambo, ine dzuwa sindiliona. Yendani ndinu ndi mwanayo, mundiuze mtengo wace weni weni ndisanalonjeze kanthu." Tinayenda miyezi iwiri. Zimene tinapeza ndizo ndilemba pano, pakuti ndidziwa kuti ambiri a inu muli kutumiza ndarama kwanu cifukwa ca ana otere.

YAMBANI MWAWERENGA DZINA

Pali maphunziro awiri a maina ofanana ngati mapasa, biomedical science ndi biomedical engineering. Oyambawo ndi a munthu woyesa magazi ndi makhololo m'laboratale. Aciwiriwo ndiwo a munthu wa mawaya, sipanala ndi kompyuta. Bambo amene ali kutali, womva dzinalo pa lamya pokha, akhoza kulipira zina mwana ali kufuna zina. Uzani mwana akuwerengereni dzina lonse monga lalembedwa pa kalata ya sukulu. Ndipo dziwani kuti makiyi a khomo limeneli ndiwo masamu ndi Physics. Mwana amene anathawa masamu, ndarama sizingamtsegulire.

M'Harare muno tinapeza makomo atatu. Loyamba ndi Harare Institute of Technology, imene onse amati HIT, ku Belvedere pa Ganges Road. Ndi ya Boma, inakhala yunivesite mu 2005, ndipo imapatsa digiri ya maphunziro amenewa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, a kumeneko anaonetsa makina othandiza kupuma amene anayesa kupanga okha. Laciwiri ndi University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, imene akuluakulu a kwathu anaidziwa ndi dzina lakale la University College of Rhodesia and Nyasaland. Nayonso ili ndi gawo la biomedical engineering. Lacitatu ndi Harare Polytechnic. Kumeneko sitinapite kukafuna dzina la biomedical iai, koma maphunziro a magetsi a National Certificate ndi National Diploma, amene mayeso ace ali m'manja mwa HEXCO. Khomo limeneli ndi lalifupi koma lolowa m'nyumba yomweyo, monga ndidzanena kutsogoloku.

ZA KWATHU KU MALAWI

Tsono inu amene mabanja anu ali ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Mulanje, musaganize kuti maphunziro amenewa ali kunja kokha. Kunena zoona, m'nkhani imeneyi Malawi ali ndi mbiri yoti munthu angaimve mtima nukhala pansi.

Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre ana ambiri obadwa masiku osakwana anali kufa cifukwa mapapo ao anali kulephera kufutukuka. Makina a ku Ulaya othandiza ana otere anali a mtengo wosafikirika. Madotolo a pamenepo anagwirizana ndi aphunzitsi ndi ophunzira a Rice University ya ku Houston, napanga makina ang'ono, oyambawo ndi timapampu tija timaika mpweya m'magalasi owetera nsomba, pamodzi ndi botolo la madzi. Anawapatsa dzina la Cinyanja, Pumani. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2014: pa ana 100 othandizidwa ndi Pumani anakhala ndi moyo 71, pamene pa ana opatsidwa mpweya mwa njira yakale anakhala ndi moyo 44. Makina amenewo anafalikira m'zipatala za Boma za dziko lonse, ndipo pomwepo panaoneka poyera kuti pafunika anthu a konko owadziwa. Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 dzina lace ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, kapena MUBAS, inayamba kuphunzitsa uinjiniya umenewu. Malawi University of Science and Technology, kapena MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, nayonso ili ndi digiri yace ya zaka 5. Mwana wa nzika ya Malawi wosankhidwa kumeneko akhoza kupempha ngongole ku bungwe la Boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linayamba nchito mu 2015. Kwa inu a mabanja a ku Malawi, yambani mwagogoda pamenepo musanayang'ane kwina. Ndipo inu a ku migodi ya kopa, ku Ndola kuli Northern Technical College, imene mumati NORTEC, yophunzitsa dipuloma ya nchito yomweyi.

Mtima wanga unakokedwa kwambiri ndi Thyolo, sindibisa. Ndinafuna kuti mdzukulu wanga akaone dziko la makolo ace, akamve Cinyanja ca pamsika, osati ca agogo ace cokha. Koma abale athu ali ku Ntcheu, kutali ndi Thyolo ndi Blantyre yemwe, cotero pogona ndi cakudya zonse nzogula. Basi yocoka ku Harare ipyola Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, malire a maiko atatu, ndipo pafunika pasipoti. Mwana akadwala pakati pa caka, ine ndi mawondo angawa ndifika liti? Kumene kuli kochipa kwa mwana wa ku Mulanje, kwa mwana wa ku Willowvale nkodula.

KABUKU KA MASAMU

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yanga. Sukulu iri yonse imakupatsani pepala la fizi, ndipo maso amathamangira pa nambala ya pansi. Nambala imeneyo si mtengo wa maphunziro. Mitengo sindiilemba pano pakuti imasintha kawiri kawiri. Ndarama ya dziko lino yomwe inasintha mu April 2024 pamene inabwera ZiG, ndipo pepala la caka catha ndi loyatsira moto. Cimene sicisintha ndico kawerengedwe kace.

Ndinagula kabuku ka sukulu, ndipo pa tsamba liri lonse ndinalemba dzina la koleji imodzi. Pansi pace tinalemba fizi, ulendo, pogona, cakudya ca masana, kompyuta ya m'manja, ndarama za intaneti, zipangizo zimene ophunzira amagula okha popanga makina a mayeso otsiriza, ndiponso miyezi ya attachment, pamene mwana amakaphunzira nchito m'cipatala kapena m'kampani, kawiri kawiri popanda malipiro oti nkudalira. Zonsezo tinacurukitsa ndi zaka zonse, osati caka cimodzi.

Taonani ulendo wokha. Kucokera ku Willowvale kupita ku Mount Pleasant pafunika makombi awiri, wofika m'tauni ndi woturuka m'tauni, pobwera cimodzimodzi. Tiyerekeze kuti kukwera kuli konse ndi dola imodzi. Ndiwo madola 4 pa tsiku, 20 pa sabata, ndipo pa masabata 30 a sukulu akwana madola 600. Pa zaka 4 ndi madola 2,400, ndarama imene palibe pepala la sukulu limene lidzakuuzani. Belvedere ili kufupi ndi tauni ku mbali yathu yino, kotero mwana wa miyendo yabwino akatsika m'tauni akhoza kumaliza mtunda wotsalawo pansi pamodzi ndi anzace. Ndipo mwana wogona kwao adya nsima ya m'phika umodzi ndi banja, salipira lendi, ndipo usiku pali maso omuwerenga ngati wafika.

Tsamba la ku Joni ndilo linatitengera nthawi, pakuti atate wa mwanayo anali kufunitsitsa kuti akhale naye dziko limodzi. University of the Witwatersrand ku Johannesburg ili ndi digiri ya biomedical engineering ya zaka 3, ndipo ndi sukulu ya mbiri. Komatu digiri imeneyo payokha ndi tsinde cabe. Wofuna kukhala injiniya wokwanira amaonjeza zaka zina ziwiri za magetsi, cotero muwerenge zaka 5. Zoonadi maiko a SADC anapangana ku Blantyre mu 1997 kuti mwana wa dziko lina la m'bungwelo azilipira fizi monga mwana wa pakhomo, ndipo pangano limenelo limathandiza. Koma mlendo amaonjezapo msonkho wa ophunzira akunja, cilolezo ca kuphunzira, ndi medical aid imene lamulo limafuna. Thandizo la Boma la NSFAS si la ophunzira akunja. Ndiponso Rustenburg ili makilomita oposa 100 kucokera ku Johannesburg, ndipo mtsikana sangagone m'hositelo ya amuna a mgodi. Tsamba limenelo linadzaza mpaka kuseri. Cokhaco ndinganene kwa inu a m'bungwe la NUM ncakuti bungwelo linakhazikitsa JB Marks Education Trust Fund mu 1997 yothandiza mamembala ndi ana ao pa maphunziro. Pitani ku ofesi ya nthambi yanu mukafunse malamulo ace, pakuti safunsa anadya phula.

CITUPA

Nkhani iyi ndi yathu ife Amalawi a m'Zimbabwe, ndipo imandiwawa. Ambiri a ife tinabadwira kuno, koma pa zitupa zathu panalembedwa kuti alien. Ena anataya unzika ndi lamulo la 2001, ndipo ena sanalembetse ana ao konse cifukwa iwo eni analibe mapepala. Sukulu iri yonse yaikuru imafuna kalata ya kubadwa ndi citupa, ndipo fizi ya nzika imasiyana ndi ya mlendo. Malamulo akuru a dziko a 2013, pa ndime 43, anena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe lamulolo lisanaturuke, amene kholo lace limodzi linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali kukhala muno, ndi nzika yobadwa. Koma lamulo silisintha citupa ciri m'thumba. Mwini ayenera kupita yekha kukasinthitsa. Ife tinakonza zimenezi mwanayo ali Form 3. Inu amene mumabwera kwanu pa Khirisimasi pokha, patulani masiku awiri a chuthi canu cifukwa ca mapepala a ana, mowa udzakupezani.

CIKOMEKOME CA MKUYU

M'tauni muli maofesi ambiri a m'nyumba zosanja, a zithunzi za ana obvala makoti oyera akumwetulira pakati pa cipale cofewa. Tinalowa m'modzi. Mnyamata wa tayi anatilandira bwino, natiuza za koleji ya tsidya la nyanja imene idzadula theka la fizi cifukwa ca nzeru za mwanayo, ngakhale anali asanaone nkomwe zotsatira za mayeso ace. Ndinamfunsa kuti, "Acimwene, theka limeneli ndi theka la zingati? Ndipo caka caciwiri lidzakhalapo?" Anayamba kufufuza m'madirowa. Ndinamfunsanso za ndege, za lendi, za zobvala za cisanu, ndi ngati mwanayo aloledwa kugwira ganyu kumeneko. Anati zonsezo tidzakambirana tikapereka ndarama ya kulembetsa, imene siibwezedwa. Tinatsazika.

Sindinena kuti makoleji onse a kunja ndi abodza. Koma m'nyumba zathu zomwezi muli banja limene linagulitsa sitandi kuti mwana apite, ndipo mwanayo anabwera pakati pa caka cacitatu ndi sutikesi yokha, ndarama zitatha. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke kobiri, funsani ngati koleji ndi maphunzirowo ali obvomerezedwa. M'Zimbabwe oyang'anira mayunivesite ndi ZIMCHE, ndipo amayesanso madigiri ocokera kunja. Ku Malawi ndi National Council for Higher Education. Ku South Africa pepala lakunja limayesedwa ndi SAQA. Ndipo wofuna kugwira nchito ya uinjiniya muno amalembetsa ku Engineering Council of Zimbabwe. Pepala limene mabungwe amenewa alikana, mwana adzangolipacika pa khoma.

MAU A MUNTHU WA NCHITOYO

Mnzathu wina wa ku chalichi anatitengera kwa mphwace amene amakonza makina pa cipatala cina cacikuru ca m'Harare. Tinampeza m'cipinda ca kuseri, pakati pa makina opatsa mpweya oimikidwa m'mizere ngati ng'ombe za pa dibi. Iye sanapite ku yunivesite poyamba. Analowera ku Polytechnic, natenga dipuloma ya magetsi, nagwira nchito, ndipo digiri anaitenga pambuyo ndi ndarama zace. Anampatsa mdzukulu wanga sikuludiraiva nati, "Tsegula awa, mwanawe." M'kati munali sefa yakuda bii ndi pfumbi. "Ambiri mwa awa sanafe," iye anatero, "angotsamwa."

Ndinamfunsa cimene kholo liyenera kuyang'ana posankha sukulu. Anati, "Madala, musayang'ane kapinga wa pabwalo. Pemphani akuonetseni workshop. Muwerenge mabenci, muwerenge ana. Mufunse kuti a caka catha anapita kuti ku attachment, ndipo anawapezera malo ndani, sukulu kapena makolo." Pa za nchito sanatinyengerere. Anati malo a m'zipatala za Boma ndi ocepa ndipo malipiro ace ndi a Boma. Ena amalowa ku makampani ogulitsa makina, ku zipatala za mishoni ndi za migodi, enanso amaoloka malire. Cifukwa cace iye amakonda maphunziro okhala ndi magetsi ambiri m'kati, kuti cipatala cikapanda malo, mwana akhoza kulowa m'fakitale kapena pa mgodi.

Usiku umenewo ndinaimba lamya ku Rustenburg. Ndinamkumbutsa mwana wanga cimene iye adziwa kuposa ine, kuti mu February 2024, mtengo wa platinum utagwa, kampani ya Anglo American Platinum inalengeza kuti idzacepetsa malo a nchito 3,700, ndipo makampani ena anacita cimodzimodzi. Nchito ya mgodi ili ngati denga la pansi, umaligogoda m'mawa uli wonse. Ndinati, "Usawerengere ovataimu kapena bonasi. Werengera malipiro a tsinde okha. Ndipo undiuze, ukacotsedwa nchito mwanayu ali caka caciwiri, ndarama za penshoni yako zimfikitsa kumapeto pa tsamba liti la kabuku aka?" Anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Werenganinso la Belvedere, Bambo." Ndinawerenga. Linali tsamba lokhalo la digiri limene masamu ace anafika kumapeto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Cotero mwanayo anapempha malo ku HIT, ndipo tsiku lomwelo tinakatenganso mapepala a ku Harare Polytechnic, kuti khomo lina likatsekeka asakhale pakhomo caka cathunthu. Tinapangana kuti fizi atate wace azitumiza molunjika ku akaunti ya sukulu, lisiti lizibwera kwa ine, ndipo ndarama ya kombi ndi ya cakudya izibwera payokha mwezi ndi mwezi m'dzina la mwanayo, kuti maliro kapena cikwati ca pa cibale cisadye teremu. Mwezi uli wonse wa ovataimu, theka lace lizisungidwa kudikira miyezi ya attachment. Kompyuta tinagula yogwirapo kale nchito kwa munthu wa pa Gazaland ku Highfield, mdzukulu wanga ataiyatsa ndi kuiyesa yekha ola lathunthu, wogulitsayo ali kudandaula kuti timthera magetsi.